Nthiti Yowonjezera m'Bokosi la Remedios

Don Fermín Ucán anandipeza Lachiwiri m'mawa ndikuthirira tsabola kuseri kwa nyumba. Sanaodire n'komwe. Anangokankha kageti n'kuima pamenepo, chipewa chili kumanja, kumanzere atafumbata kanthu kokulunga m'kansalu.

"Doña Nicanora, m'bokosi la mkazi wanga mwalowa munthu wina."

Anali masiku aja a kumapeto kwa Okutobala, pamene aliyense amapita kumanda kukapukuta mafupa a abale ake ndi kuwasinthira nsalu, kuti mizimu ikamabwera pa chikondwerero cha akufa ipeze pogona paukhondo. Munthu kwathu kuno amagona m'nthaka zaka zitatu, kenako timamufukula n'kumuika m'bokosi lathabwa losatseka, m'kachipinda kake ka simenti. Mudzi wonse umagwira mafupa ndi manja. Koma wonyansa ndine, poti ndinakhala zaka makumi atatu mumzinda wa Mérida ndikucheka mafupa tizidutswa topyapyala kuti anthu ophunzira aziunika m'makina. Chibwerereni kuno, m'nyumba ya malemu amayi, amene amandichezera ndi nkhuku za aneba basi.

"Khalani pansi, bambo. Walowa bwanji?"

Don Fermín ndi mmisiri wa matabwa, munthu woyankhula ngati akuyeza thabwa. Anafunyulula kansalu kaja. Munali nthiti imodzi.

"Remedios ali ndi nthiti makumi awiri ndi zitatu. Ina anamuchotsa madokotala kwawo kumpoto ali mtsikana, atadwala chifuwa. Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikumupukuta, ndipo ndimawerenga. Masiku apitawa ndapeza makumi awiri ndi zinayi. Iyi si yake."

"Mwana wanu Griselda mwamuuza?"

"Ndamuuza. Akuti munthu aliyense ali ndi makumi awiri ndi zinayi, ndiye wosokonekera mutu ndine. Akuti za opaleshoni ndangopeka." Anayang'ana chipewa chawo. "Lamulungu likubwerali akukanditula kwa masisitere ku Campeche, kunyumba ya okalamba. Galimoto akonza kale. Ndikapita kumeneko, Doña, Remedios azimupukuta ndani?"

Ndinainyamula nthiti ija. Mafupa a Remedios ndinawaonapo: achikasu, olemera ngati mtengo wauwisi. Iyi inali yopepuka, yoyera mbee, ndipo nditaisisita inandisiyira kaufa ku chala. Ndinadziuza kuti si nkhani yanga. Koma ndimadziwa mmene zimawawira kunena zoona anthu n'kumangokuyang'ana ngati mutu wako wabalalika, ndiye ndinatseka mpopi n'kukavala nsapato.

*

Griselda ndinamupeza kuchigayo kwa mwamuna wake, komwe amawiritsa chimanga m'madzi a laimu wopaka makoma uja n'kuchigaya kuti azimayi azikapangira totiya, zikondamoyo zathu zopyapyala. Anali akukokolola chimanga, thukuta lili kamukamu, ndipo anayamba kuyankhula ndisanafunse.

"Ndikudziwa chimene mwabwerera. Apita kwa inu, eti? Doña, ine ndatopa, ndatoperatu! Sabata yatha anasiya nyemba pamoto mpaka poto kuchita makala. Amandiitana dzina la amayi. Lero ndi nthiti, mawa adzati mutu si wawo. Mukuganiza kuti ndikusangalala? Ndi bambo anga amene aja!"

"Amayi ako unawaonapo chipsera pansi pa bere?"

"Amayi sankavula pamaso pa ana. Ndikanachiona kuti?"

Maso anga anagwa pa chimphika chachikulu chophikira chimanga. Chinkanyezimira ngati cha pa ukwati.

"Mwagula chatsopano?"

"Chakale chinabooka Sabata Loyera lija la Pasaka. Abundio anatseka chigayo masiku atatu. Ine n'kuti ndili ku Campeche ndi ana, ndinangopeza wasintha. Koma zimenezo zikukhudzana bwanji ndi abambo?"

Sizinkakhudzana. Ndinangofunsa poti ndine wa mafunso.

Apo ndi pamene Abundio Canché, mwamuna wa Griselda, anatulukira kuchipinda cha injini akupukuta manja. Ndi munthu wonenepa, wa nsangala, wosaphonya Misa, amene amanyamula nawo chifanizo cha woyera pa chionetsero chilichonse.

"Aaa, amayi athu ophunzira! Mwatiyendera? Griselda, apatse mpando. Nkhani ya apongozi imatiwawa tonse. Kwa masisitere akakawasamala bwino, chakudya katatu, dokotala pafupi. Ndinapita ndekha kukawapezera malo."

"Nthiti ija ndikufuna ndikaiunike ku Mérida."

Anaseka, koma manja anasiya kupukuta.

"Mukavutikiranji pa msinkhu wanuwu? Fupa lokakamiza limaswa mphika, mayi. Asiyeni akufa agone."

*

Chucho Tzec ndiye wosamalira manda, ndipo amapukutira mafupa mabanja amene anasamukira kutali. Ndinamupeza Lachitatu masana atakhala pa chidebe, chigaza chili pamiyendo, akuchisesa m'maso ndi kaburashi kwinaku akuimba mluzu.

"Ha! Dokotala wa mafupa uja wabwera. Bisalani anyamata, akuchekani!" anatero akuuza mabokosi.

"Chucho, siya zachibwana. Kuno kumalowa ndani?"

"Aliyense, mayi. Geti silitsekedwa. Wakuba angabe chiyani, mano a agogo? Komatu chaka chino akufa anga anenepa. Zoona! Uyu Don Hilario chaka chatha ankakwana bwinobwino, lero nsalu ikuchita kukana kupinda. Ndati kapena kumwamba ayamba kuwapatsa nkhumba."

"Anenepa angati?"

"Asanu, asanu ndi mmodzi, kaya. Onse ndi aja abale awo ali ku Cancún, osabwera kudzaona."

"Miyezi yapitayi wagwirako ntchito ndani kuno, kupatula iwe?"

"Palibe. Aaa, iyayi, ndanama. Mu Ogasiti Don Abundio anapaka laimu mzere wonsewu, ulere, akuti analonjeza kwa Mulungu. Anandiuza kuti ndikapume masiku awiri. Munthu wabwino ameneyo, anandigulira ndi kabotolo komwe." Anafuzira fumbi pa chigaza chija. "Chondidandaulitsa ine ndi nsalu. Taonani zimene anthu akugula chaka chino, maluwa ochita kujambula ndi penti. Chichokereni Macaria palibe wodziwa kupeta."

Macaria. Mayi wa ku Chiapas uja, wa zaka ngati makumi atatu, amene anabwera yekha m'mudzi muno n'kumapeta nsalu za m'mabokosi. Ankandipatsa moni akamadutsa pageti langa, ndipo opereka moni kwa ine ndi owerengeka.

"Anapita liti?"

"Sabata Loyera. Akuti anapeza ntchito kuhotela ku Cancún. Don Abundio ndi amene anamuperekeza kubasi."

Ndinamuuza kuti atsitse bokosi la Don Hilario. Pansi penipeni, pakati pa mafupa akale abulauni, panali timafupa tiwiri ta msana toyera mbee. M'bokosi lachiwiri munali ta zala. M'lachitatu ndinangosuzumira, n'kubwezeretsa nsalu. Chucho mluzu unamuthera.

*

Kuti ndiyerekeze ndinafunika kachidutswa ka fupa lenileni la Remedios. Kupempha kumeneko kunandivuta kuposa zonse. Don Fermín anasankha okha nthiti yaing'ono kwambiri, n'kuigwira ndi manja awiri ine ndikucheka.

"Pepa mayi," ankanong'ona. "Kangofanana ndi njere ya chimanga basi. Pepa."

Lachinayi ndinakwera basi ya ku Mérida. Dokotala Ileana Baqueiro, amene ndinkamuphunzitsa kugwira mpeni ali kamtsikana, tsopano ndiye mkulu wa chipinda chounikira. Anandikumbatira, n'kundinyoza kuti ndaonda, n'kuchotsa ntchito za anthu ena pamakina. Tizidutswa ndinakonza ndekha. Manja akale saiwala.

Anthu amaganiza kuti fupa ndi mwala. Ayi. Fupa ndi ulusi wofewa wolukanalukana, ndipo pakati pa ulusiwo pamagona timiyala tafulati, tating'ono kwambiri moti ungatindandalike masauzande osakwana kunenepa kwa tsitsi limodzi. Timiyala timeneti sitiiwala. Madzi amene munthu ankamwa, msinkhu wake, matenda ake, moto, nthaka imene anagonamo, chilichonse chimatisintha kakulidwe.

Lachisanu madzulo Ileana anandiitanira pa galasi la makina.

"Nayi ya mayi wa kumpoto uja. Onani timiyala take, tonenepa, tothinana. Anakulira kumene madzi a m'zitsime ali ndi mchere uja wodetsa mano."

"Mano ake anali a mawanga abulauni, inde. Ankaseka atagwira pakamwa."

"Ndipo onani timayenje iti. Tizilombo ta m'nthaka tinamuboola, monga zimakhalira ndi aliyense wogona m'manda. Tsopano nayi inayi."

Sanafunike kundiuza. Timiyala tating'ono, topyapyala, ta munthu wamkulu koma wosakalamba, amene madzi a kumpoto sanawalaweko. Kadzenje ngakhale kamodzi panalibe. Ulusi unali wophwanyika, wotupa ngati chingwe chophikidwa, ndipo kunja konse kunali kutamatirira laimu.

"Ndi anthu awiri osiyana, Nica, zimenezo ndikhoza kulumbira kukhoti. Ndipo wachiwiriyu m'manda sanagonemo ngakhale tsiku limodzi. Anamuwiritsa, nthawi yaitali, m'madzi a laimu. Ndani angaganize zotero?"

"Munthu amene amadziwa kuti laimu amasenda khungu la chimanga," ndinayankha. "Anachita zimene manja ake anazolowera."

Ndinatuluka panja n'kukhala pa masitepe. Magalimoto ankadutsa, anthu ankagula maluwa a chikondwerero, ndipo ine ndinalibe munthu ndi mmodzi yemwe womuimbira foni.

*

Loweruka m'mawa ndinapita kwa Doña Pastora Huchim, wogulitsa buledi moyang'anana ndi chigayo. Macaria ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yake. Doña Pastora samva bwino, ndiye amayankhula mokuwa ngati ali kumunda, koma tsiku limenelo atangomva dzina lija anatsitsa mawu.

"Lowani, lowani, musaime pakhomo."

Anatulutsa kabasiketi pansi pa tebulo. Munali lumo, singano, ulusi wa mitundumitundu, ndi nsalu yopeta theka.

"Zovala anadzatenga Don Abundio, akuti wamutuma. Izi sanazione, zinali kuseri kwa chitseko. Ndiuzeni inu ophunzira, mmisiri amapita ulendo n'kusiya lumo lake? Macaria lumo ili ankagona nalo!"

"Munamuona akukwera basi?"

"Ndinamuona akulowa kuchigayo Lachinayi Loyera masana, atavala ndolo zatsopano. Zija anamugulira ndani, mukuganiza? Ankati akukamuuza mwini chigayoyo kuti watopa kubisala, asankhe pakati pa iye ndi mkazi wake. Kutuluka sindinamuone."

"Chigayo chinali chotseka."

"Chotseka, inde, koma utsi unkafuka masiku atatu onse. Ndinati kodi mphika wobooka amausonkhezera moto?"

Mtima unandipsa. "Ndiye munangokhala chete miyezi isanu ndi iwiri?"

"Ndikanauza ndani, mayi? Anali wobwera, wopanda mbale. Uyo ndi Don Abundio, wonyamula woyera. Ine ndi nkhalamba yogontha yogulitsa buledi." Anandiyang'ana m'maso. "Nanga inu, munafunsapo kuti ali kuti?"

Sindinafunsepo. Ndinazindikira kuti moni uja wasiya, n'kungoti nayenso watopa nane. Manyazi anandigwira mpaka ndinasowa poyang'ana.

*

Don Fermín ndinawapeza kumanda, atakhala pa kampando kutsogolo kwa Remedios. Anali atamuyalira nsalu yatsopano, chigaza chili pamwamba, chikuyang'ana kunjira. Pambali pawo panali kachikwama kamene Griselda anawalongedzera kale.

Ndinawauza zonse, osakometsera. Anamvetsera osaphethira.

"Ndiye sindinapenge."

"Simunapenge, bambo. Mudzi wonse wowerenga bwino ndinu nokha. Abundio anasankha mabokosi amene eni ake sabwera. La Remedios analitenga ngati lotetezeka, poti ndi la pabanja, ndipo anati nkhalamba ingadziwe chiyani. Mutadziwa, m'pamene anathamangira kwa masisitere."

"Ndinamupatsa mwana wanga ndi manja angawa."

"Pali chinanso. Pepala ili la dokotala wa ku Mérida ndikalipereka kupolisi, adzatenga bokosi lililonse limene munalowa fupa lachilendo. La Remedios lomwe. Likhoza kukakhala kumeneko miyezi, mwina chaka. Chikondwerero chino simukhala naye. Ndipo Griselda atsala ndi ana awiri, mwamuna ali kundende, mudzi ukumuloza chala. Ndikapanda kulipereka, mawa mukwera galimoto."

Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ndinkayembekezera kuti andiuze kuti ndiling'ambe. Ndikanawamvetsa. Anatambasula dzanja n'kukonza ngodya ya nsalu imene sinali yopindika n'komwe.

"Nditapita kwa masisitere, Griselda azigona m'nyumba imodzi ndi munthu ameneyo mpaka liti?"

Anatembenukira kwa ine.

"Pitani, Doña. Basi ya kuboma imanyamuka ikamakwana thwelofu. Ine ndikhala pano ndimufotokozere mwini wakeyu, asadzadabwe akamadzamunyamula."

*

Lamulungu m'mawa magalimoto awiri anafika pafupifupi nthawi imodzi: ya buluu imene Abundio anabwereka kuti atengere apongozi ake, ndi ya apolisi. Anthu anali akuchokera ku Misa, ndiye nkhaniyo inaonedwa ndi mudzi wonse. Abundio anayamba ndi kuseka, n'kumawatchula apolisi kuti achimwene. Atamufunsa kumene anataya chimphika chobooka chija, anati anagulitsa. Atamufunsa kuti kwa ndani, anati waiwala. Anachipeza m'chitsime chouma kuseri kwa chigayo, chilibe bowo ngakhale limodzi. Mmene ankachikokera kumtunda, Abundio anakhala pansi m'fumbi ndi malaya ake a kutchalitchi.

Kumanda anatenga mabokosi asanu ndi atatu. Chucho ankawatsatira pambuyo akulira ngati mwana, n'kumawauza mayina kuti asawasokoneze. La Remedios Don Fermín anakana kuti wina aligwire. Analinyamula okha mpaka pagalimoto, n'kuuza wapolisi wachinyamata kuti asalithire madzi, salitsuka, amangolipukuta.

Anthu amene kale ankandilambalala tsopano ankandiyang'ana ngati ndine ndawabweretsera tsoka. Palibe ananena zikomo, ndipo sindinkayembekezera.

Masana ndinawaperekeza Don Fermín kunyumba kwawo. Galimoto ya buluu ija inali pakhomo, ana awiri a Griselda ali kale mkati, katundu atamumangirira pamwamba. Griselda anatuluka m'nyumba atanyamula kachikwama ka bambo ake, n'kukaika pakhonde. Maso anali atatupa. Ine sanandiyang'ane n'komwe.

"Ndikupita ku Cancún kwa anzanga," anatero. "Kuno sindingakhale. Ana anga sangamapite kusukulu akuwanena kuti bambo awo anaphika munthu."

"Mwana wanga, khala nane. Nyumba ndi yaikulu."

"Miyezi isanu ndi iwiri, bambo. Ndinkachapa malaya ake, ndinkadya naye mbale imodzi." Anayang'ana ana m'galimoto muja. "Munkanena zoona. Nthiti zinali makumi awiri ndi zitatu. Ndakhulupirira tsopano, mwamva? Ndakhulupirira."

Don Fermín anatambasula manja kuti amugwire. Iye anabwerera m'mbuyo.

"Bola mukanangokhala wamisala, bambo."

Analowa m'galimoto n'kutseka chitseko. Kamdzukulu kakang'ono kanakweza dzanja pawindo, koma mayi ake anakatsitsa. Tinaima pamenepo mpaka fumbi linatha.

Don Fermín anawerama n'kutola kachikwama kawo. Anakayang'ana ngati sakukadziwa.

"Ndatsala," anatero.

"Mwatsala, bambo."

Analowa m'nyumba, ndipo ndinamva akutsegula zipi n'kuyamba kubwezera malaya m'kabati, limodzilimodzi. Ndinadikira pakhonde kuti mwina andiitana. Sanandiitane, ndiye ndinawatsekera geti n'kumapita kwathu.